Penti Wofiira pa Mphumi ya Sakhuta

Fungo la palafini limandibweza ku Bangwe, m'chilimwe chija anthu anali asanatope kuvala zitenje za zipani zatsopano. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tinkakhala m'nyumba ya lendi kumtunda kwa msika, komwe malata ankathetheka masana chifukwa cha dzuwa, ndipo fumbi la maminibasi linkatera ngakhale m'ndowa ya madzi akumwa. Bambo anali kalipentala, shedi yawo inali pamsewu. Tinalinso ndi galu woyera, wowonda moti nthiti zinkawerengeka. Bambo anamutcha Sakhuta, ndipo sanamunamizire. Ine ndinkamukonda kuposa anthu ena achibale.

Chaka chimenecho kunabuka chiwewe. Galu wina woyendayenda analuma Ganizani, mwana wa a Nasibeko oyandikana nafe, pamwendo. Bala linapola, tonse n'kuiwala. Patapita milungu ingapo mwanayo anayamba kuopa madzi. Ana anatiletsa kuyandikira nyumbayo, koma makoma a zidina sasunga chinsinsi. Tinkamva mmene ankakuwira, mawu osakhalanso a mnzathu amene tinkasewera naye fulaye. Atamwalira, bambo ndiwo anakhoma bokosi lake, lalifupi ngati benchi ya kukhitchini.

Maliro atangotha, inadutsa galimoto ya chimkuzamawu. Inalengeza kuti agalu onse akabayitsidwe jekeseni pabwalo la mpira, ndipo wobayidwa aliyense apakidwa penti wofiira pamphumi. Galu wopezeka panjira wopanda penti awomberedwa. Bambo anatseka shedi tsiku lonse, n'kukaima pamzere padzuwa ndi Sakhuta pachingwe. Anabwerera madzulo, galuyo ali ndi chibanga chofiira pakati pa maso. "Uyu ndiye wapulumuka," anatero bambo, n'kumumasula.

Lamlungu lotsatira kunabwera wojambula zithunzi wina woyenda panjinga, kamera ili pakhosi. Mayi anali atamuitana kuti atijambule tisanavule za kutchalitchi. Ndinapempha kuti Sakhuta akhalemo, koma mayi anangoyang'ana kumbali. "Ndi chimutu chamagazicho? Usandiyambe." Ndinali mwana wamakani, wosamva za ayi. Ndinatsanula palafini wa m'nyali pakansanza, n'kukokera galuyo kuseri kwa bafa. Ndinapukuta mpaka ubweya unayera mbee, iye akuyetsemula ndi kundinyambita dzanja. Wojambulayo akuwerenga manambala kuti atijambule, ndinamukhazika pamapazi panga. Mayi anali kalikiliki kukonza duku, bambo anali njo kumbuyo ngati msilikali, ndipo palibe anayang'ana pansi.

Lolemba m'mawa ndinali pakhomo, poti sukulu yaulere itadzaza, kalasi lathu linkalowa masana. Ndinkatsuka mbale pamene ndinamva kuphulika koyamba chakumsika, kenako kwachiwiri pafupi. Nkhuku zinabalalika. Ndinathamangira kumsewu, sopo ali m'manja, ndipo ndinaona bambo wina wovala ovolosi atanyamula mfuti yaitali, ana ambirimbiri akumutsata. Sakhuta anali padzala la zinyalala, akufukula monga mwa nthawi zonse. Anadzutsa mutu, n'kugwedeza mchira ataona ine. Mfuti inaliranso. Anagwa chammbali, miyendo ikupalasa fumbi, kenako zii.

Bambo anga anatuluka m'shedi utuchi uli m'tsitsi. Sindinawaonepo atakwiya chonchija. Analoza munthuyo chala pamphuno, akunena kuti galuyo anabayidwa, anaima naye pamzere okha, ndipo dera lonse linaona. Wamfutiyo sanakweze mawu. Anatembenuza mutu wa Sakhuta ndi jombo. "Penti wake ali kuti, madala?" Anthu anasunzumira. Mphumi inali yoyera.

Pamenepo a Nasibeko anatuluka pagulupo, akadali ndi duku lakuda. "Achimwene, bokosi la mwana wanga munakhoma ndinu. Lero mukusunga galu wosabayitsa, n'kumanamanso?" Bambo anayang'ana pansi. Ananyamula Sakhuta m'manja ngati mwana, mutu wake uli paphewa pawo, n'kupita naye kuseri kwa nyumba. Anakumba dzenje okha. Ine ndinaima pakona, kudikira kuti andiitane. Sanandiitane.

Chilimwe chonsecho anthu ankadutsa shedi ya bambo osapereka moni. Ena amene anali ataoda mipando anakatengera ntchito kwina. Ku mpopi amayi ankasiya kulankhula mayi anga akafika, ndipo dzina loti a Bodza linawamatirira bambo mpaka mvula inagwa. Ine ndinadana ndi wamfuti uja ndi mtima wanga wonse, chifukwa kudana naye kunali kosavuta kusiyana ndi kuulula. Chithunzi chitabwera, ndinachita mantha, poti mphumi yoyera ija inkaonekera poyera. Bambo anachiyang'ana nthawi yaitali, anachikhomera felemu yamatabwa otsala, n'kuchipachika pabalaza. Ndinapuma, ndikuganiza kuti maso awo sanaone kanthu.

Ndinaulula ndili ndi ana anga kale, bambo atakalamba, titakhala pansi pa chithunzi chomwecho. Ndinayamba mozungulira, misozi ili m'maso, koma anandidula. "Ndinamunyamula paphewa galu uja, mwananga. Palafini amanunkha."

Ndili mwana ndinkayesa kuti ndinabisa bwino. Tsopano ndikudziwa kuti pamsewu paja, pamaso pa mayi amene anali atangoika mwana wake m'manda, anthu ankafuna wina woti amuloze chala. Bambo anadziwa zoona asanafike ndi kuseri kwa nyumba komwe, ndipo anasankha kuti chalacho chikhalebe pa iwo.