Mchere wa ku Pemba

Mng'ono wanga Rosalia ankaphika kuposa mkazi aliyense kuno kwathu, kuseri kwa msika wa Limbuli, koma kwa zaka zitatu palibe amene analawa mchere wa m'dzanja lake. Amene anayambitsa zimenezi ndine, Esteri, mkulu wake wa bere limodzi. Ndikudzinenera ndekha anthu asanandinenere.

Tinafika kuno mu 1986, kuthawa nkhondo ya ku Mozambiki. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, iye zisanu. Powoloka Muloza ndinamubereka ndine, poti amayi anali atasenza mtolo, mbuzi ili pachingwe. Anandiluma paphewa chifukwa choopa madzi, chipsera chake ndikadali nacho. Ndiye tamvani, munthu woopa kamtsinje kolekeza m'chiuno ameneyu ndi amene anadzakhala zaka khumi ndi chimodzi m'mphepete mwa nyanja yamchere.

Anakwatiwa ndi Zakariya, mnyamata wa mano oyera ndi manja aulesi, amene anapita ku Joni mwana wawo Mervis akukwawa, ndipo mpaka lero akupitabe. Rosalia anabereka dengu n'kuyamba kuthyola tiyi ku esiteti. Koma ntchito ya tiyi imayendera mvula. Dzinja likatha akapitawo amakuuzani kuti mudzaonekenso Disembala, ngati kuti mimba nayo imapita kutchuthi. Ndiye pamene mayi wina wa ku Milanje wogulitsa makapulana, zitenje za ku Mozambiki, anamuuza kuti ku Pemba, mzinda wa kunyanja kumpoto kwa Mozambiki, mahotela akufuna akazi ochapa, Rosalia sanagone nazo kawiri. Chipwitikizi ankachidziwako, cha kwa abambo. Anandisiyira Mervis ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, nakwera lole ya mbatata.

Kuchapa anachapadi, miyezi inayi. Zotsatira zake sitinafunse. Kunayamba kubwera yunifomu, nsapato, foni, kenako malata a nyumba yanga ndi a nyumba yake. Mervis anaphunzira mpaka Folomu 4. Bambo wina woyendetsa lole anabwera ndi nkhani yoti wamuona pamchenga atavala kabudula, mzungu wa imvi atamugwira m'chiuno, ndipo sabata isanathe mudzi wonse unali utadziwa. Ine ndinangoti anthu ndi ansanje. Koma mumtima ndinkadziwa. Malata akamalira ndi mvula pamutu pako suwafunsa kumene anachokera.

Anabwerera mu 2021. Kumpoto kuja kunali kutabuka nkhondo ina, korona nayo inali itatseka mahotela, azungu anathawa. Anatsika pa kabaza ali ndi masutikesi awiri ndi kathumba kosokedwa kukamwa, kokutidwa ndi kapulana. Anali ndi zaka makumi anayi, wowonda, woyera m'mapazi ngati munthu amene sanapondepo matope. Ndinamuphera nkhuku. Ndiwo zili pamoto anadzuka msangamsanga.

"Dikirani mana, musathire. Ndabweratu ndi mchere weniweni, wa kunyanja, wokolola ndikuona ndi maso angawa. Muulawe mumve."

Mana ndi mmene ankanditchulira ine mkulu wake, mwa Chipwitikizi. Anali atagwira kale kathumba kaja kuti aphwasule. Ine pakamwa panayenda pokha.

"Siya. Ndithira ndekha wangawu."

Anandiyang'ana, nayang'ana ana anga amene anali pakhonde. Kenako anabweza kathumba kaja pansi. Nkhuku anadya pang'ono.

Kwathu kuno timakhulupirira kuti mkazi woyendayenda ndi amuna ndi wotentha. Akathira mchere m'ndiwo, odyawo amadwala tsempho: kutsokomola, kutupa miyendo, kuwonda. Khanda limene lisanasambitsidwe mankhwala ndiye sayenera n'kulikhudza komwe. Anamwino amati zonsezi n'zabodza, ati ndi kuperewera kwa zakudya m'thupi. Mwina akunena zoona. Ine ndimaimba kwaya, ndimapita ku sikelo, ndimamva zonsezo. Koma mantha amene unayamwira sachoka ndi chikalata chopachika pakhoma la chipatala.

Kuyambira tsiku limenelo Rosalia anadziikira malire yekha, osadikira kuuzidwanso. Ankakhala yekha m'nyumba yake ya kumapeto, pafupi ndi nthochi. Akaphika nsomba zouma za kokonati, zimene fungo lake linkaimitsa anthu panjira, ankatibweretsera m'mbale n'kunena ali pakhomo, "Mulibe mchere, muthire nokha." Kumaliro amayi ankamupatsa ndowa kuti azitunga madzi, kumiphika ayi. Anapeza malo pakhonde la golosale ina ku Limbuli, n'kumaluka anthu tsitsi. Pamenepo ndiye ankabwera ambiri, ngakhale omunena omwe, poti mutu si mimba. Ankawaluka ali chete, iwo akucheza okhaokha.

Za ku Pemba anandiuzapo kamodzi kokha, tikusenda nandolo masana pansi pa mpeyala.

"Mana, mukudziwa chimene chinkandisautsa kuja? Si azungu ayi. Kulibetu phiri. Kuno ukadzuka, maso amatsamira pa Mulanje. Kuja ukayang'ana ndi madzi okhaokha, mpaka mutu kuzungulira."

Ine ndinangoti, "Eti."

"Masana timakhala pamchenga, amati pulaya. Ukhale poti akuone, koma usaoneke ngati ukudikira. Iwo agone padzuwa mpaka afiire ngati nkhanu zowiritsa. Akadzuka ndi pamene amakuitana, kukugulira chakumwa. Usiku m'mabala nyimbo zake zoti sungamve mnzako, ndiye umangoseka akamaseka. Ndinasekatu nthabwala za zinenero zisanu, osamvapo ngakhale imodzi. Dzina langa kuja ndinali Lily. Rosalia ankati ndi lalitali."

Anasenda nandolo zingapo, kenako anapitiriza.

"Panali mdala wina ankabwera Julayi aliyense, masabata awiri, zaka zisanu ndi chimodzi. Ankanditcha mkazi wake. Pochoka amalira misozi yeniyeni pabwalo la ndege. Koma zaka zonsezo sanandifunsepo kuti kwanu ndi kuti, kapena uli ndi mwana. Ndinamuonetsa chithunzi cha Mervis, iye n'kuti mng'ono wako ndi wokongola. Ndinangomusiya."

Apa munthu wanzeru akanafunsa: nanga pano ukukhala bwanji, mng'ono wanga? Ine ndinachita manyazi, ndinayang'ana kumwamba n'kunena kuti mitambo iyi ikhoza kugwetsa mvula, tikaanule zovala. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya lambiri.

Zizindikiro zinalipo, kungoti tinkaziwerenga chadodolido. Amuna ankayesa pakhomo pake, ena a mabanja awo, ena a maudindo kutchalitchi. Wina anamuthamangitsa ndi mpini mpaka anasiya nsapato imodzi m'nthochi. Mudzi unaseka, n'kumati asemphana pa mtengo, uyu anazolowera a azungu. Inenso ndinaseka nawo. Palibe mmodzi amene anaganiza kuti mwina mkaziyu sakufunadi.

Mervis anakwatiwa ndi Kingstone, mnyamata wa kabaza, amene anabwera kudzamanga pamudzi pathu pano monga mwa mwambo. Mervis ankanditcha ine amayi, ndipo mayi wake womubala ankamutcha amayi a ku Pemba. Sankanena mwachipongwe, anangokula choncho. Mervis atatenga pakati, Rosalia anasintha ngati wadzuka kutulo. Anagula beseni, matewera, shawelo ya buluu. Ankaimba poluka tsitsi. Tsiku lina anandiuza akumwetulira, "Uyu ndiye ndimusambitsa ndine, mana. Mervis ndinamusiya panjira, uyu ndimuyambira pachiyambi."

Kwathu ntchito imeneyo ndi ya agogo akuchikazi. Ndiwo amalandira khanda, kulisambitsa, kuphikira mayi wake masiku onse a m'chikuta, pamene mayi ndi mwana amabindikira m'nyumba mpaka mchombo utagwa. Ndinadziwa kuti ndi malo ake. Ndinadziwanso kuti sindimulola.

Matenda a Mervis atayamba, kuchipatala ndinapita naye ndine. Kunabadwa mwana wamkazi, wonenepa, wa tsitsi lambiri. Titabwerera kunyumba mawa lake, Rosalia anali atasesa bwalo lonse, atatenthetsa madzi, atavala kapulana watsopano. Anatambasula manja. Ine ndinamulambalala, mwana ali m'shawelo ya buluu yomwe ija, n'kulowa m'nyumba.

"Udzamuona akatuluka m'chikuta," ndinatero ndili m'kati. "Ukudziwa wekha."

Mmawa uliwonse ankabwera ndi phala la mpunga la kokonati, lotsekera bwino ndi mbale ina.

"Odi! Kaphala ka Mervis aka, kabweretsa mkaka. Sindinathire mchere, mana."

Ndinkalandira, kuthokoza, n'kukakhuthulira nkhuku kuseri. Ngakhale lopanda mchere ndinkaliopa. Tsiku lachitatu anadzera kuseriko pobwerera, anapeza nkhuku zikulimbirana mpunga wake. Ndinamuona pawindo ataima, mbale ili m'manja. Ndinati basi, mawa sabweranso, ndipo kunena zoona mtima unakhala pansi. Koma mawa lake anabwera, ndi mkuja, mpaka tsiku lachisanu ndi chiwiri, mawu ake omwe aja. Pa zonse zimene ndinachita, zimene zimandisowetsa tulo ndi mbale zinayi zomalizazo.

Mervis anafunsapo, "Amayi, nanga amayi a ku Pemba salowa kudzaona mwana?"

"Alowa. Iwe yamwitsa."

Mchombo utagwa tinamumeta mwana, tinamusambitsa likambako, mankhwala omuteteza kwa anthu otentha, n'kumumanga mkuzi wa mankhwala m'chiuno. Zikatero aliyense akhoza kumunyamula, ngakhale wodutsa ndi njira. Amayi anadzaza pabwalo, nthungululu zili pakamwa. Mwana anayenda m'manja mwa a kwaya, a kumsika, apongozi a Mervis, mpaka anzake a Kingstone a kabaza. Rosalia anali atakhala pamwala, kumapeto kwa bwalo. Ine, podziona ngati wachifundo, ndinamuitana mokweza pamaso pa anthu onse.

"Bweratu tsono, tenga mdzukulu wako. Tamusambitsa kale, palibe chimene chingachitike."

Ena anaseka chamumtima, ena anayang'ana pansi. Rosalia anabwera pang'onopang'ono, napukuta manja pa kapulana, nalandira mwana. Anamununkhiza pamutu. Chala chake chinayenda pansi pa thewera, chinapeza mkuzi uja, chinaima pomwepo. Anamunyamula nthawi yaitali, mpaka anthu anayamba nkhani zina. Kenako anandiyandikira n'kulankhula motsitsa, kuti ndimve ndekha.

"Mana, chibwerereni ine kuno mwamuna sindikumudziwa. Zaka zitatu. Ndine wozizira kuposa theka la amayi ali panowa. Ndinkadzisungira sabata yathayi."

Nanenso ndinatsitsa mawu.

"Iwe, bwanji sunanene?"

"Munandifunsa?" Anakonza kachipewa ka mwana. "Ndipo ndikananena, mukanakhulupirira?"

Ndinafuna kuti nditi eya, koma bodza linakana kutuluka. Anandipatsa mwana bwinobwino, mutu uli pa dzanja, monga amachitira mlendo waulemu, nabwerera kunyumba kwake.

Sanakangane ndi munthu. Mwana ankamunyamula akamupatsa, koma sankapempha. Ine ndinayesa kukonza. Ndinamuitana kuti adzaphike kwathu, anati mutu ukupweteka. Ndinauza amayi a kumaliro kuti amupatse mphika, iye anatenga ndowa yake yomwe ija. Titakolola nandolo anabwera kudzandipatsa kiyi. Anati mnzake wamupezera malo ku Pemba, oluka tsitsi alendo pamchenga, poti ayambanso kubwera pang'onopang'ono.

"Kuluka kokha, mana," anatero, akundiyang'ana m'maso.

"Ndakhulupirira."

"Chabwino," anatero, ndipo anaseka pang'ono. Ndinamuperekeza mpaka pa Muloza. Pano pali mlatho, sanafune womubereka.

Patapita mwezi ndinakatsekula nyumba yake kuti ndisese. Munali mwaudongo, mopanda kanthu kwenikweni: mphasa, mpando umodzi, kapu imodzi, supuni imodzi. Kuseri kwa chitseko kunali kathumba kaja, kokutidwa ndi kapulana yemwe uja, ulusi wake wa ku Pemba usanadulidwe. Ndi chinyezi cha kuno mchere unali utaumbana, kulimba ngati mwala. Ndinakhala pansi n'kulira monga sindinalirire pa maliro a amayi.

Mwana uja tsopano akudya phala, akuima chogwirira. Mwezi wathawu ndinamuimbira foni Rosalia. Kumbuyo kwake kunkamveka mphepo ndi nyimbo za kutali. Ndinamuuza za mano awiri a mwana, za mvula, za mtengo wa feteleza. Pomaliza ndinalimba mtima.

"Mchere wako uja ndaupeza. Tiphwasule, tizimuthirira mwana m'phala?"

Ndinayang'ana foni kuti mwina yaduka, kenako mawu ake anamveka.

"Ndi wanu, mana, ndinatengera inu. Thirani." Anapuma kaye. "Kungoti ndinkafuna ndithire ndine."

Kathumbako ndinakabweretsa kwathu. Kali kuseri kwa chitseko changa, ulusi sindinadule.