Apongozi pa Maikolofoni Imodzi

Amuna anga ndi amayi anga anakhala mudzi umodzi mpaka imvi osayang'anana m'maso. Sikuti ankadana ayi. Kwathu ku Kapondo mkamwini ndi apongozi ake aakazi amaopana, ndipo awiriwa mwambowu anaugwira ngati pali wina ankawalipira. Amayi akatulukira m'njira, amuna anga ankapatukira patchire, kaya pali minga kaya chitedze. Akafuna kuuzana kanthu, mawu ankadzera kwa ine. Amayi ali kuseri kwa mpanda, amuna anga ali pakhonde, ine pakati. "Uwauze apongozi mbuzi yawo yalowa m'munda." "Muwauze ndamva." Chonsecho onse awiri makutu ali nawo, ndipo akumvana bwinobwino.

Onse awiri anali oimba. Amuna anga anabwera ku Mchinji ali mnyamata kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya, gitala lawo la bokosi lili kumsana. Nyimbo ankapeka okha, n'kumaziimba m'mabala ndi pa mowa wa masese. Amayi ankapeka nyimbo za chimtali ndi za pa ukwati, ndipo kudera kwathu ukwati wopanda mawu awo anthu ankati sunakome. Koma zoti ine ndikwatiwe ndi woimba gitala sanazifune. Ananena poyera kuti gitala silima. Mawu amenewo anawafika amuna anga, ndipo anawasunga mumtima. Analima, anamanga nkhokwe, nyumba ya amayi ankafolera chaka ndi chaka, komabe ankakhulupirira kuti pamaso pa apongozi awo iwo ndi munthu wa m'mabala basi. Akafuna kuimba pakhomo ankayamba andifunsa ngati amayi achokapo.

Matipate itabwera, msika unadzaza ndi makaseti a nyimbo za kiyibodi, ndipo gitala la bokosi ana ankaliseka. Ndiye tinadabwa kumva kuti achinyamata ena a pa Boma akonza zoti oimba akale adzaimbe m'holo Loweruka masana, popanda zida zamagetsi, ndiponso kuti kubwera anthu a wailesi kudzajambula. Amuna anga anaitanidwa, ndipo mawu awo anali asanamvekepo pa wailesi. Bamboyo anasanduka mwana. Mawaya a mabuleki a njinga amene anali pa gitala paja anawachotsa, n'kugula nsambo zenizeni kwa wamalonda wina wochokera ku Chipata. Ankayeserera mpaka ine mutu kuwawa.

Amayi nawonso anaitanidwa. Ine ndi iwo tinakwera matola, amuna anga anapalasa njinga, poti galimoto imodzi ndi apongozi sakanakwera.

M'holo munadzaza. Oimba anachuluka kuposa mmene okonza ankayembekezera, maikolofoni inali imodzi yokha, ndipo a wailesi ankafuna kubwerera ku Lilongwe dzuwa lisanalowe. Choncho anaganiza zoti oimba azikwera awiriawiri, azisinthana nyimbo ndi kuthandizana. Mtsikana amene ankayendetsa mwambowo, wokulira m'tauni, atamva kuti amayi ndi amuna anga ndi a mudzi umodzi, anasangalala kuti wapeza anthu odziwana. Anaika mipando iwiri moyang'anana, yoyandikana moti mawondo akanagundana, maikolofoni pakati. Kenaka anawaitana.

Nditacheuka ndinapeza amuna anga akukulunga gitala m'chitenje.

"Tiyeni tizipita," anatero. "Ine sindingakhale pamenepo. Komanso nyimbo zangazi si zoti apongozi azimve."

Ndinapsa mtima. Mutu wanga unawawa masiku onse aja kuti bambo ameneyu adzapalase njinga ulendo wonsewu n'kubwerera osakhudza nsambo? Ndinapita kwa mtsikana uja n'kumufotokozera. Iye anaseka.

"Amayi, zimenezo zikadalipo?"

"Mwana wanga, unazipeza ndipo udzazisiya," ndinamuyankha. "Asinthe ndi ena."

Zosintha zinakanika, chifukwa ena onse anali ataimba kale kapena atagwirizana kale ndi anzawo. Ndinayang'ana amayi. Anali atafunda chitenje kumutu, maseche awo ali pamwendo, akuyang'ana kukhoma.  Munthu wa wailesi anali akuyang'ana wotchi.

Basi ndinakwera ndekha pa nsanja. Mipando ija ndinaitembenuza kuti ipatsane misana, maikolofoni ndinaizula pa chitsulo chake n'kuigwira m'manja. Akuluakulu amene anali m'holomo anazindikira msanga, ndipo phwete linayambira kumbuyo mpaka kutsogolo. Mayi wina anafuula kuti, "Amenewo ndiwo aulemu!" Amayi anakwera kudzera mbali ina, amuna anga mbali ina, aliyense maso pansi.

"Uwauze apongozi ayambe ndiwo," amayi anandinong'oneza.

"Muwauze ayambe akuluakulu," anatero amuna anga.

Ine ndinaiwala kuti chimene ndagwiracho chimakuza mawu. Ndinapereka mauthenga onsewo holo yonse ikumva, ndipo anthu anaseka mpaka ena kugwira nthiti. Ngakhale mapewa a amayi ankagwedezeka.

Anayamba amayi, ndi nyimbo yawo yolangiza mkwatibwi kuti asamabise mchere kwa azilamu ake. Mawu awo anali atakalamba koma osagwa. Amuna anga anawatsatira ndi gitala chapansipansi, mwamantha, ngati munthu woyenda m'munda mwa eni. Zinakoma, ndipo amayi a m'holomo anaimba nthungululu.

Kenaka inafika nthawi ya amuna anga. Anasankha nyimbo ya tenanti amene anasiya kwawo nthochi zikupsa, n'kudzakalambira m'zigafa za fodya. Ndime yoyamba inayenda bwino. Pa yachiwiri mawu anathawa. Kaya chinali chifuwa chimene anachitenga ku fodya, kaya mantha oti apongozi ali kumsana kwawo akumva chilichonse, sindidziwa. Zala zinkayendabe pa nsambo, pakamwa pali yasa, koma osatuluka kanthu. Ndinaona thukuta likutsika m'khosi mwawo. Munthu wa wailesi anatambasula dzanja kuti azimitse makina, ndipo mtima wanga unagwa, chifukwa ndinadziwa kuti akazimitsa, bambo ameneyu sadzagwiranso gitala.

Pomwepo maseche analira. Amayi anaitola ndime ija pamene inagwera, mawu ndi mawu, osaphonya ngakhale limodzi, mpaka kakukoka kaja kamene amuna anga ankachita kumapeto kwa mzere. Ndinatsala pang'ono kugwetsa maikolofoni. Ndinaitembenuzira kwa iwo, ndipo dzanja la wa wailesi linabwerera. Amuna anga analowa pansi pa mawu a amayi pang'onopang'ono, mpaka mawu awo anabwerera. Anamaliza limodzi, misana itagundana.

Anthu atawomba m'manja mpaka kutopa, amuna anga anandikodola.

"Muwafunse," ananong'ona, "anaidziwa bwanji?"

Ndinawerama kuti ndipereke uthengawo, koma amayi anandikankha pang'ono ndi chigongono.

"Iwe takhala chete," anatero. Kenaka, osacheuka, anakweza mawu. "Apongozi, imbani ina. Nyimbo zanu ndimazidziwa zonse."

Chibadwire changa ndinali ndisanamvepo amayi akulankhula nawo mwachindunji. Amuna anga anaweramitsa mutu pa gitala. Atadzutsa nkhope, maso anali atafiira.

"Iti, amayi?"

"Ija munkamunamiza nayo mwana wangayu."

Holo inasekanso, ndipo iwo anaiyamba. Amayi ankavomera, amuna anga ankaimba ngati mnyamata, ine ndili chiimire pakati pawo misozi ili mbwembwembwe, munthu wa wailesi akundikodola kuti ndigwire bwino maikolofoni.