Chikwama Changa Chitabwerako ku China

Ntchito yanga ndi kupanga zikwama za amayi, mapilo a pasofa ndi timphasa ta patebulo. Ena amanditchula telala, ndipo ndikamva zimenezo ndimapsa mtima, chifukwa telala amasoka zomwe mwamuuza. Ine chinthu ndimachiyamba m'mutu, n'kuchijambula, n'kuchisoka, n'kuchiphwasulanso mpaka chikhale momwe ndikufunira. Ndinayambira pakhonde la nyumba ya lendi ku Chirimba, ndi makina opalasa, mlaza wochokera kwathu ku Nsanje ndi zitenje za ku Limbe.

Ndinali ndi lamulo langa: chikwama chatsopano sichigulitsidwa chisanayende. Choyambirira ndinkapatsa munthu kuti achinyamule kwa kanthawi, chipanikizike m'minibasi, chinyowe ndi mvula, ana achikokekoke, kuti ndione pomwe chiyambire kutha. Wondiyendetsera anali alamu anga, mlongo wawo wa bambo a kunyumba. Amayi amenewo sadziwa kukhala pansi. M'mawa ali ku Limbe, masana ali ku Makata kukaoda sopo, ndipo m'chikwama amaponyamo chilichonse, makiyi, chinangwa, ngakhale nsapato za mwana. Pobweza ankanena mosapsatira: "Alamu, chogwirira ichi chikudya phewa." Ine n'kukonza. Ndinkawakhulupirira kuposa m'bale wanga wa bere limodzi.

Chaka china ndinapanga chikwama chomwe mpaka lero ndikachikumbukira mtima umandiwawa. Pansi pake panali mlaza woluka, wonyika mu utoto wakuda, pamwamba chitenje chopindapinda, chotsekera chake batani losema kuchokera ku nyanga ya ng'ombe. Mayi wina wa shopu ya mphatso ku Chichiri atachiona anagwira pakamwa. Anati atenga zambiri ndipo alemba dzina langa pashelefu, bola chikhale chinthu chosapezeka pena paliponse. Dzina langa pashelefu, ku Chichiri! Ine amene anthu ankangoti mayi wosoka wa ku Chirimba uja. Chimene ndinkafuna pa moyo wanga chinali chimenechi, kuti anthu adziwe kuti chinthu ichi anachiganiza ndine.

Monga mwa nthawi zonse, choyambirira chinapita kwa alamu. Masiku amenewo amayi a geni anali atayamba kukwera ndege kukaoda katundu ku China, ndipo alamu nawo analowa m'gulumo. Atandiuza kuti apita nacho, ndinachita kuvina. "Pitani nacho, alamu, chikaone dziko!"

Atabwerako anati chikwama chinasowa pabwalo la ndege. Anaoneka okhumudwa zedi moti wowapepesa ndinali ine. Ndinapitiriza ntchito. Azimayi a kwathu ku Nsanje ankaluka mlaza, ine ndinkasoka za shopu ija, mpaka zala zinachita matuza.

Loweruka lina ndinatsika minibasi ku Limbe kuti ndikagule mazipi. Ndinangomva venda akukuwa, "Zafika, zafika! Za madona izi!" Ndinacheuka. Mkono wake wonse unali zikwama zanga. Ndinatenga chimodzi. Mlaza unali wa pulasitiki, batani la pulasitiki, fungo lake ngati la patapata watsopano. Nditatsegula ndinapeza kathumba ka m'kati kali kopendekera, ndendende momwe ndinalakwitsira pa choyambirira chija. Anakopera ndi cholakwa chomwe! Ndinafunsa vendayo komwe amaoda, ndipo anandilozera kachipinda kuseri kwa mashopu.

M'kachipindamo munali alamu, atakhala pabelo la zikwamazo, akukukuta chimanga chootcha.

"Alamu, n'chiyani chimenechi?" ndinafunsa.

Sanadzidzimuke n'komwe. "Iii, alamu, mwabwera? Khalani pansi kaye."

"Sindikhala! Munati chinasowa. Ine ndinakupepesani, inu mukudziwa kuti mwakachisiya kufakitale?"

"Nanga mukupsa mtima chiyani? Si inu aluso? Mupanga china. Komanso tiyeni tinene zoona: chitenje n'cha ku Limbe, mlaza ndi wa Mulungu. Chanu n'chiti pamenepa?"

Zomwe ndinayankha sindingazilembe pano. Anthu anadzadza pakhomo, mavenda akuseka, wina akuti, "Asiyeni amasteni alankhule!" Alamuwo ndinawatcha mbava pamaso pa onse, ndipo sindinabwezepo mawu amenewo.

Kunyumba ndinkaganiza kuti bambo andiimira. Kalanga ine! Anamvetsera, n'kukanda mutu, n'kuti, "Mayi, chibale ndi fupa, sichiola. Mukufuna ndidane ndi mlongo wanga chifukwa cha chikwama?" Apongozi nawo anatumiza uthenga kuti ndachititsa manyazi mwana wawo pagulu, ndikapepese. Ndipepese ine? Palibe ndi mmodzi yemwe m'banja lonselo amene anafunsa kuti ine ndikumva bwanji. Anandipweteka alamu, koma kundisiya ndekha kwa enawo kunandipweteka koposa.

Komabe ndinalongedza zikwama zanga m'thumba n'kupita nazo ku Chichiri, poti ndinati mwina mayi wa shopu uja asiyanitsa. Anatenga chimodzi, n'kuchitembenuza, n'kununkhiza mlazawo. Kenako anatulutsa pansi pa kauntala cha pulasitiki, chomwe wantchito wake anagula ku Limbe. Ndinafotokoza zonse, kuyambira pachiyambi. Anandimvetsera mwaulemu ndithu.

"Mwina mukunena zoona, mayi," anatero, "koma kasitomala ndimuuza chiyani? Aliyense wachiona kale pamsewu. Aziti ndikugulitsa zokopera."

Ndinanyamula thumba langa n'kukakwera minibasi pamsewu wa Chipembere. Thumba ndinalilowetsa pansi pa mpando, chikwama chimodzi ndinayika pamiyendo. Pambali panga panakhala mayi wina wovala bwino, cha pulasitiki chili paphewa. Anayang'ana changa, anayang'ana chake, kenako anandigwira pamkono mwachifundo.

"Asisi, mwasoka nokha chimenechi?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Mwayesetsatu! Chatsala pang'ono kufanana ndi chenichenichi."

Ndinati zikomo. Kenako ndinauza kondakitala kuti anditsitse, ngakhale kuti siteji yanga inali idakali kutali.