Chithunzi cha a Lufeyo pa Mulu Wowotcha

Ntchitoyi ndinaipeza chifukwa cha maliro. Amuna anga, a Lufeyo, anali kalipentala pa koleji ina ya mishoni kuno ku mapiri a Dedza. Anamwalira ndi chifuwa ine ndili ndi pakati. Tsiku londisudzula, abale awo anatenga zonse monga mwa mwambo: jekete, sowo, nyundo, ngakhale chipewa. Nditachira, sisitere wina anandimvera chisoni nandipezera ntchito m'chipinda cha mapepala akale.

Nthawi imeneyo kolejiyo inkatsekedwa, ndipo kunabwera bambo Chimwaza ochokera ku yunivesite kudzasankha mapepala oyenera kusungidwa. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 3, choncho yanga inali ntchito yamanja. Ndinkachotsa fumbi ndi burashi yofewa, kuzula mapini adzimbiri ndi kampeni, kuyanika pamphasa mafayilo ogwira nkhungu, kenako kumanga ndi chingwe choyera ndi kulongedza m'makatoni pamodzi ndi timibulu tonunkha tothamangitsa njenjete. Zonsezi ndinkachita mwana wanga Felesiya ali kumbuyo.

Bambo Chimwaza sanali munthu woipa. Ankaika mapepala m'milu iwiri. Mulu wosunga unali wa zokambirana za akuluakulu, makalata a mkulu wa koleji, mayina a ophunzira ndi zithunzi za alendo a chipani. Mulu wowotcha unali wa malisiti ndi mafayilo a ophika, alonda ndi ena a ntchito zamanja. "Galimoto ndi imodzi, mayi," ankatero. "Sitingasunge aliyense."

Zikuto za mafayilo owotcha zinkagwiranso ntchito, ndiye ndinkayamba ndatulutsa zam'kati. Tsiku lina m'nyengo yozizira, zala zitachita dzanzi, ndinatsegula fayilo ya makhadi a antchito. Khadi lililonse linali ndi kachithunzi. Ndinaona a Lufeyo akundiyang'ana, pensulo ili kukhutu. Sindinkadziwa n'komwe kuti anajambulidwapo.

Ndinagwada pafupi ndi tebulo. "Bambo, awa ndi bambo ake a mwanayu. Sanawaonepo."

Analiyang'ana khadilo nthawi yaitali. "Ndikumva, a Nabanda. Koma pepala la pano likapezeka m'nyumba mwanu, a chipani adzafunsa kuti munatenganso chiyani. Adzayamba ndi inu, kenako ine."

"Ndiye liikeni m'katoni yosunga. Akadzakula adzakaliona komweko."

"Akakandifunsa kuti kalipentala akufunanji pakati pa akuluakulu, ndikayankha chiyani? Nanga ndikasunga mmodzi, enawa?" Analoza mulu uja. Munali a Yohane ophika, a Bizaliele alonda, anthu amene anakumba nawo manda a amuna anga. Ndinadzuka n'kubweza khadilo pa muluwo.

Kuwotcha inalinso ntchito yanga. Kudzenje kunkaima munthu wa chipani woonetsetsa kuti palibe chotuluka. Ndinamasula nsalu, n'kumubweretsa Felesiya kutsogolo, n'kuika chithunzicho pamaso pake. "Ona ababa," ndinatero. Iye anatambasula dzanja kuti achiike m'kamwa.

"Fulumirani, mayi, mphepo iyi iuluza mapepala," anatero munthu uja.

Ndinaponya khadilo pamoto. Ndinatakasa ndi ndodo monga anandiphunzitsira, kuti pasatsale tsamba lathunthu. Madzulo ndinasesa chipinda, m'mawa mwake ndinabweranso, chifukwa mwana amafuna phala.

Makatoni onse atanyamulidwa, ntchito inatha. Ndikumva kuti akusungidwa bwino, ndipo ophunzira amawerengamo mbiri ya kolejiyo. Adzapezamo amene anakhala pamipando, koma amene anakhoma mipandoyo mulibe. Chimene ndinaphunzira n'chakuti wosankha mapepala amasankha anthu, ngakhale atakhala wamtima wabwino, ndipo wosiyidwayo alibe kokadandaula.

Felesiya ndi mayi wa ana tsopano. Amandifunsabe kuti, "Amayi, kodi ababa ankaoneka bwanji?" Ndimamuuza kuti mphuno ndi yakeyo, chipumi ndi chakecho. Koma zaka zapita, ndipo sindidziwanso ngati ndimakumbukira nkhope ya a Lufeyo kapena ndimangoona yake.