Makaniko Amene Mapampu Ake Sankafa

Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu, makaniko wina wa m'dipatimenti ya madzi ankasamalira mapampu asanu a kumpoto kwa tauni. Anzake ankamutcha a Khutu, chifukwa m'mawa uliwonse ankagunditsa nsonga ya sipanala pa pampu, mbali inayo n'kuika kukhutu, n'kuima phee. Chitsulo chikayamba kulira mwachilendo, ankachisintha chisanathyoke. Mapampu akewo sankaima.

Kenako boma linabweretsa fomu younikira ntchito. Kwa amakaniko funso lalikulu linali limodzi: mwakonza zowonongeka zingati chaka chino? Wopeza malikisi ochepa zaka ziwiri zotsatizana ankachotsedwa pa siteshoni yake n'kukaikidwa kosungira zipangizo.

A Khutu analemba ziro. Mnzawo wa kum'mwera, amene mapampu ake ankafa mlungu ndi mlungu, analemba makumi anayi.

"Achikulire, ndithandizeni," anatero injiniya wawo, mayi wa msinkhu wa mwana wawo woyamba. "Lembani kenakake. Ngakhale tiwiri."

"Tiwiri titi, abwana? Palibe chinafa."

"Fomuyi ilibe malo a zimene sizinachitike."

Kunyumba akazi awo anaseka. "Abambo, anzanu akudyera ulesi, inu mukufera khama. Masulani kabawuti kamodzi lero, mawa mukamange."

"Nanga madzi osamba mukatunga kuti, amayi? Mpope wathu ndi wa pampu yomweyo."

Chaka chachiwiri a Khutu analembanso ziro. Pofuna kuwapulumutsa, injiniya anapempha kulikulu kuti asachotsedwe msanga, koma ayambe apita ku maphunziro a miyezi itatu a antchito ofooka. Mmodzi mwa ophunzitsa anali mnzawo wa kum'mwera uja. A Khutu ankakhala kutsogolo, n'kumalemba zonse mwaulemu.

Atabwerako anapeza mapampu atatu ataima, ina ikukhosomola. Miyezi yonseyo palibe amene anathiramo girisi. Kwa milungu isanu anthu a kumpoto ankandanda ndi zigubu kudikira galimoto ya madzi, a Khutu akuphwasula ndi kumanga. Pa fomu ya chaka chimenecho analemba khumi ndi zinayi, ndipo zonse zinali zoona.

Anapeza malikisi apamwamba, siteshoni inakhalabe yawo. Lipoti la dipatimenti linanena kuti maphunziro aja akweza kagwiridwe ka ntchito, ndipo linalimbikitsa kuti chaka chotsatira amakaniko onse atumizidweko nthawi imodzi.