Kachithumwa ka m'boti la aneba

Anthu amati timaboti ta aneba anga, toyendetsa ndi rimoti tija, sitigubuduka chifukwa amaikamo kachithumwa. Pakamwa ndinkatsutsa, koma mumtima ndinkati mwina.

Anebawa ndi amakaniko opuma ntchito, ndipo sapupuluma. Boti amaligoneka pa pensulo, n'kumasuntha batire pang'onopang'ono mpaka mutu ndi mchira zisiye kukangana, kenako amalemba kachizindikiro pamenepo. Amakonda kunena kuti, "Cholemera chikhale pansi ndi pakati, ngati mlendo waulemu."

Ine nditapanga langa, batire ndinalimangirira pamwamba kuti lisanyowe. Nzeru zanga zimenezo! Litangokhota padziwe linaonetsa mimba kumwamba, mayi a kunyumba n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Achimwene, ndigawireniko mankhwalawo," ndinawanong'oneza anebawo. "Kunyumba ulemu wandithera."

"Mankhwala ati, madala?"

"Musandipusitse. Kansanza kakuda kali m'mimba mwa boti lanu kaja ndinakaona."

Anakatulutsa n'kukamasulira pachikhatho panga. "Muzikamwa m'mawa ndi madzulo," anatero osaseka.

Munalibe chithumwa. Anali manati akale a njinga, okulunga kuti asamagogode.