Buluzi m'jombo ya achimwene

Lero m'buku la Bayoloje ndaona buluzi wopanda miyendo. Akuti si njoka, kungoti kukwawa m'maudzu kunamuumba mofanana nayo. Ndaseka ndekha.

Ndili wamng'ono, achimwene anandipondera dala galimoto yanga yamawaya, ndipo ndinawasungira mangawa. Tsiku lina kusikimu ya mpunga ndinagwira buluzi wotereyu, wozizira, wonunkha matope. Ankaphethira, pomwe njoka siphethira, ndiye ndinamuponya m'jombo yawo mosaopa.

Anaivala akucheza ndi chibwenzi chawo.

"Mayo ine! Njoka! Ndafa!" anakuwa, n'kugwera m'ngalande chagada.

Mtsikanayo anakutumula jomboyo, n'kuyang'ana kanthuko kakuthawa.

"Kameneka basi? Ndiye inuyo mudzanditeteza kwa ndani?"

Ine ndinali chigonere mumpunga, nditaluma malaya kuti ndisamveke.